Mwala wa Dorothy pa Chiziwa

Dorothy NyaLongwe anadziwa kuti zinthu zalakwika asanatule n'komwe dengu. Chinangwa chimene anaviika Lolemba chinali chitayandama chonse pamwamba pa madzi, mbali imene inapenya kudzuwa itada bii. Anakwinya chilundu, nalowa m'dziwe mpaka m'mawondo, n'kuyamba kufufuza pansi ndi phazi. Mwala wake wopsinjira chinangwa panalibe.

Munthu wakutali akhoza kuseka kuti mtsikana wamkuluyu akulirira mwala, pomwe miyala ili mbwee dziko lonse. Asekeretu, sadziwa za pa Chiziwa. Dziwe limeneli linabisika m'nkhalango kuseri kwa mudzi wawo, kummwera kwa Chintheche, ndipo linali la amayi okhaokha. Ankaviikamo chinangwa cha kondowole n'kumasamba kumunsi kwake, choncho mwamuna sankapondako ngakhale ataledzera chotani. Mayi aliyense anali ndi malo ake ndi mwala wake, ndipo miyalayo ankaidziwa ngati mmene amadziwira ana a anzawo. Wa Dorothy unali wakuda, wathyathyathya, wokhala ndi mzere woyera pakati ngati lamba. Anamupatsa ndi mayi ake, NyaManda, tsiku limene Gresham Mhone anapereka chikole.

"Mwamunayo sanandigwire mtima," anatero NyaManda tsikulo, "koma iwe wakula. Malo ako ndi awa, pakasupe penipeni. Ndipo usaiwale chimene timawauza abambo."

Chimene ankawauza abambo chinali bodza lakalekale, losungidwa bwino kuposa ndalama: lakuti Chiziwa chimauma mwezi wa Okutobala n'kutsala matope okhaokha. Zoona zake, madziwo sankaphwa ngakhale pang'ono. Kale bodzali linkangothandiza kuti amuna asamaviikemo luzi ndi nsungwi zawo. Koma m'chaka cha 1955 linasanduka nkhani yaikulu, chifukwa makhonsolo awiri a mafumu anagwirizana zokumba chitsime chimodzi. Khonsolo ya mbali ya Kande inapereka mpope ndi simenti, ya mbali ya Chintheche inalonjeza malo ndi anthu okumba, ndipo chitsimecho chinayenera kukhala pafupi ndi malire kuti midzi ya mbali zonse izitungapo. Lamulo lake amayi anali atalimva kale: pamene aika mpope saviikapo chinangwa, popeza madzi ake ndi owawa, amapha ndi nkhuku zomwe. Kupereka Chiziwa kunali kubwerera kumtsinje, kumene ng'ona inagwira mkazi chaka chathachi.

Tsono mmisiri amene makhonsolo anamulemba ntchito yofuna malo ndi kumanga chitsimecho anali Gresham yemweyo.

Dorothy anatuluka m'madzi n'kukhala pa muzu wa mkuyu. Panali chinthu chimodzi chimene mayi ake sankachidziwa.

*

Zinachitika m'nyengo yozizira, Gresham asanalowe ntchito ya makhonsolo. Linali Lamulungu masana, amayi onse ali kumudzi atatopa ndi ulaliki wautali. Dorothy anali wodzala ndi chimwemwe cha chikole ndi cha mwala, ndipo chimwemwe chotere sichikhala m'mimba mwa mtsikana wa zaka zake. Anamugwira Gresham dzanja n'kumulowetsa m'kanjira koyambira pamtengo wa mbula, kamene mwamuna sanadutsemo.

"Uwo ndi wanga," analoza pansi pa madzi. "Wakudawo. Ufa wanu uzichokera pansi pa umenewo."

"Nanga pakauma?" anafunsa Gresham. "Ndizidya matope?"

Dorothy anaseka mpaka misozi, kenaka anamunong'oneza chinsinsi chonse.

"Ndiye kuti abambo onse a mudzi uno ndi zitsiru?"

"Onse, ndi asibweni anga omwe. Wochenjera ndinu nokha tsopano. Lumbirani."

Gresham anakweza dzanja lamanja, lokhakhala ndi simenti. "Ndikaulula, dzanja ili liume ndisadzagwirenso njerwa."

Dorothy analigwira dzanjalo n'kuliika patsaya pake. Anamukhulupirira ndi mtima wonse. Ngakhale pamene maenje a chitsime amene Gresham ankakumba anayamba kugumuka mumchenga limodzi ndi limodzi, iye n'kumaonda ndi kumanena zoti mvula ikagwa madzi asanapezeke mpope ubwezedwa ndipo iye alowa Wenela kupita ku Joni, Dorothy sanakayike. Ankangomumvera chisoni n'kumamuphikira mbatata.

*

Pobwerera kumudzi ndi dengu la chinangwa choonongekacho, anakumana ndi Prisca NyaKamanga pamphambano. Prisca anali mwana wa Ada Kamanga, mkulu wa m'khonsolo ya mbali ya Kande, ndipo Gresham ankagona kunyumba kwa Ada Kamangawo chiyambire ntchito. Zimenezi zinkamubaya Dorothy tsiku ndi tsiku. Mtsikana amene amaikira bwenzi lako madzi osamba sungamupatse moni ndi mtima woyera.

"Timuwoneni, NyaLongwe," Prisca anapereka moni m'Chitonga, akumwetulira mano onse.

"Yewu."

"Ndimabwera kwanu. A Gresham andituma. Akuti mawa musalephere kumsonkhano wa makhonsolo pasukulu paja, ndipo muvale bwino. Ali ndi nkhani yokoma."

"Iwowo miyendo yawathyoka?"

"Ntchito, achemwali. Sagona masiku ano. Ine ndiye ndimaona." Prisca anasuzumira m'dengu. "Hii! Chinangwa chada chonchi bwanji? Simudziwa kupsinja?"

"Ndimadziwa."

"Pepani, ndangofunsa." Anapotoza khosi uku ndi uku, akulisisita. "Ine khosi landiuma. Ndinasenza katundu wolemera dzulo, ndipo nkhata inali yochepa."

"Kadzoleni mafuta," anatero Dorothy, n'kudutsa.

Kunyumba anauza mayi ake kuti mwala waterereka n'kumira m'matope, aufuna mawa. NyaManda anamuyang'ana ndi diso lokayika.

*

Mawa lake anthu anadzaza pansi pa mitengo ya mango pabwalo la sukulu. Matebulo awiri anawalumikiza, khonsolo iyi uku, inayo uko, ndipo pakati pawo panali bokosi la mpope limene linali litayamba kudyedwa ndi chiswe. Amuna anakhala pa mabenchi, amayi pansi. Dorothy anakhala pambali pa mayi ake, atavala diresi la maluwa abuluu limene ankasungira Khirisimasi.

Poyamba kunali kulozana zala kwa masiku onse. A ku Kande ankati iwo anapereka chitsulo, anzawo angopereka mchenga. A ku Chintheche ankati mchenga sanaulenge ndi iwo. Asibweni ake a Dorothy, a Fanuel Manda, achimwene a mayi ake, amene anali m'khonsolo ya mbali ino, analankhula mpaka kolala inanyowa. Ada Kamanga anamenya tebulo nati ngati sabata ino itha opanda malo, iwo atenga mpope wawo.

Apo m'pamene Gresham anaimirira. Anali atameta, atavala malaya oyera, ndipo Dorothy anamunyadira kwambiri. Mnyamatayo anamuyang'ana kamodzi, kenaka anathawitsa maso.

"Ada, malo alipo," anatero. "Ndi pa Chiziwa."

Amuna anaseka. A Fanuel anakupiza dzanja. "Mwana iwe, ine ndinabadwira konkuno. Pa Chiziwa mwezi uno wa Okutobala ngakhale chule amasamuka."

"Sipauma, ada. Sipanaumepo."

Amayi anayang'anizana. Dorothy anagwetsa nkhope pansi.

"Umboni uli kuti?" anafunsa Ada Kamanga, ndipo mmene anafunsira zinaonekeratu kuti yankho akulidziwa kale.

Gresham anawerama n'kutulutsa pansi pa tebulo chinthu chokulungidwa m'masamba a nthochi ndi chiguduli chonyowa. Anachiika pamwamba movutikira. "Mwala uwu wachokera pansi pa dziwelo dzana. Onani ndere zake. Ndere zobiriwira chonchi sizimera pamalo pouma." Anamasula luzi, nafunyulula masamba.

Mwala wakuda, wa mzere woyera pakati.

Amuna anadzuka kukaona ndere, akugwedeza mitu ndi kuzikanda ndi zikhadabo. Kwa iwo unali mwala basi. Koma amayi sanayang'ane tebulo. Mitu yonse, kuyambira akuchikulire mpaka atsikana a dzulodzuloli, inatembenukira kwa Dorothy nthawi imodzi.

Gresham naye anali ataima ngati wagwidwa ndi njoka m'mwendo, maso ali pamwalapo, kukamwa kuli yasa.

"Waterereka m'matope," anatero NyaManda chapansipansi, osamuyang'ana mwana wake. "Si mmene unandiuzira?"

"Ama…"

"Usanditchule."

NyaManda anadzuka, nakutumula chilundu, n'kuchoka. Amayi ena anamutsatira mmodzimmodzi. Dorothy anatsala yekha pamchenga ndi diresi lake la Khirisimasi, uku amuna a makhonsolo onse awiri akuomba m'manja ndi kugwirana chanza koyamba m'miyezi yambiri.

*

Gresham anamupeza m'munda wa chinangwa kuseri kwa sukulu, akuyenda mosaona kumene akupita.

"Dorothy! Ima, ndikufotokozere."

Anaima, koma sanatembenuke. "Onetsani dzanja."

"Chiyani?"

"Dzanja lanu lamanja. Ndione ngati lauma."

Gresham analibisa kumbuyo ngati mwana. "Ndinachitira ife. Andipatsa ukapitawo wa zitsime zonse za makhonsolo awiriwa. Sindipitanso ku Joni, Dorothy. Ukanakonda ndipite ndikakhale mtchona, uzingomva kuti ndili ndi mkazi ku Benoni? Ndiponso kwathu ana akukodza magazi ndi madzi a m'dambo. Mwana wa mlongo wanga tinamuika mwezi wa Epulo, iwe unalipo."

"Ndinalipo. Ndinalira nawo." Tsopano anatembenuka, misozi ili chuchuchu. "Mukanabwera kwa ine. Mukanati, Dorothy, ana akufa, tiye tikagwade kwa amayi ako. Mwina akanatitukwana, mwina akanamva. Koma inu mwaba. Ndinakupatsani chinthu chimene bambo anga anamwalira osachidziwa, inu mwakachiyanika patebulo ngati usipa."

"Sindinadziwe kuti ndi mwala wako! Ndikulumbira!"

"Musalumbirenso, chonde. Manja akutherani."

"Sindinauone mpaka lero. Unabwera wokulungakulunga."

Dorothy anapukuta misozi pang'onopang'ono. Mawu amenewo sanamukhale bwino. "Unabwera? Simunautole nokha?"

"Ine? Ndilowe m'madzi a amayi?" Gresham anaoneka wodabwa zenizeni, ndipo m'mawu mwake munali ngakhale kakunyada. "Ayi, mwambo ndinausunga. Ndinaima patali pamtengo wa mbula paja, nditafulatira. Sindinaponde n'komwe."

"Ndiye analowa ndani?"

Mnyamatayo anayang'ana nyerere pansi.

"A Gresham, analowa ndani?"

"Panafunika munthu wamkazi. Wa mudzi wanu sakanalola." Kenaka anaulula: "Ndinatenga Prisca."

Dorothy anamva ngati wina wamuthira madzi otentha kumsana. Khosi louma lija. Nkhata yochepa ija. Kusuzumira m'dengu kuja! Iye anali ataima pamphambano ngati chitsiru, akusekedwa m'maso muli gwa.

"Munadutsa naye kanjira kathu."

"Panalibe kanjira kena."

"Ndipo pa miyala yonse ya m'dziwe muja, wanga anaudziwa bwanji?"

"Ndinamuuza ndine," anatero Gresham. "Ndinati atole uliwonse, koma wakuda wa mzere woyera asaukhudze, ndi wa Dorothy. Ndinkafuna kukuteteza."

Dorothy anaseka, kuseka koipa kosachokera mumtima. Mwamuna wodziwa kuyeza khoma ndi diso limodzi, wosadziwa kuti mkazi amene amakufuna sumulozera chinthu cha mnzake n'kumuuza kuti asakhudze! Uchitsiruwo akanatha kuukhululukira. Chimene chinamupweteka n'chakuti Gresham anayenda ndi Prisca m'nkhalango muja awiriwiri, akunong'onezana chinsinsi chimene iye anamupatsa ngati mphatso ya chikondi.

"Thenga wanga wa ukwati abwera Loweruka monga tinapangana," anatero Gresham. "Usandikane, NyaLongwe. Ndilibe wina."

"Muli naye wokusenzerani miyala," anayankha Dorothy, n'kumusiya pomwepo.

*

Kunyumba anapeza moto wina. A Fanuel anali pakhonde, chipewa pabondo, nkhope ikuwala. Munthu yemweyu miyezi yonseyi ankati Gresham si mwamuna wokwatira mwana wa mlongo wake, popeza sanapiteko ku Joni kapena ku Halale, alibe njinga ngakhale jekete. Lero nyimbo inali itasintha.

"Mkamwini wathu watichotsa manyazi," ankauza mlongo wake. "Ndanena pamaso pa makhonsolo onse kuti ukwati umenewu ndiwo mfundo yomanga mbali ziwirizi. Ada Kamanga aomba m'manja. Thenga akabwera Loweruka, tilandira."

"Mulandira inu," anatero NyaManda, akusenda chinangwa osakweza mutu. "Inu simuviika, achimwene. Mumangotambasula dzanja chakudya chikapsa. Mawa ng'ona ikandigwira kumtsinje, mudzauze makhonsolo anuwo adzandilire."

"Mlongo, madzi abwino ndi a tonse. Ndipo inu amayi mwatinamiza zaka zonsezi, ife sitikukwiya."

"Kwiyani. Kukwiya kwanu kulibe mano."

A Fanuel anatembenukira kwa Dorothy. "Iwe usandichititse manyazi. Mawu ndapereka kale."

Atachoka, Dorothy anagwada pafupi ndi mayi ake. Anatola mpeni kuti athandize kusenda, koma NyaManda anakoka dengu.

"Ama, ndinalakwa. Ndinkamukonda."

"Ndikudziwa. Inenso bambo ako ndinkawakonda, koma pakamwa ndinkatseka." Mawu awo anali ozizira, ndipo zimenezo zinapweteka kuposa kukalipa. "Mwala uja anandipatsa ndi amayi anga, iwonso anapatsidwa. Wadutsa m'manja ambiri osatuluka m'madzi. Watulukira pa iwe. Amayi a mudzi uno apangana kale: ukalola mwamuna ameneyo, palibe adzasinje, palibe adzatunge, palibe adzalulutire pa ukwati wako. Ine ndidzakhala nawo iwowo. Sankha wekha."

*

Loweruka linafika ndi phokoso. Kuyambira m'mawa nkhwangwa zinkamveka kunkhalango, amuna a mbali zonse akulambula msewu wopita pa Chiziwa, akuimba. Amayi anali atakavuula chinangwa chawo dzulo lake, aliyense atasenza mwala wake kubwera nawo kumudzi. Miyalayo inali pamakonde, ndere zikuuma.

Dorothy anali kuseri kwa nyumba, atagwira duku limene Gresham anamupatsa ngati chikole. Analipinda, nalifunyulula, nalipindanso. Mtima wina unkati alibweze pamaso pa onse. Mtima wina unkakumbukira mwana uja anamuika mu Epulo, ndi nkhope ya Gresham pamene masamba a nthochi anafunyululidwa. Munthu wonama sachita mantha otero. Ankadana naye, ankamufunabe, ndipo ankadzida yekha chifukwa chomufuna.

"Odi! Odi kuno!" Anali thenga, munthu wonyamula mawu a ukwati, ndi anzake awiri. Anamva asibweni ake akuwalandira, mphasa zikuyalidwa, moni wautali akuyamba. Posachedwa amuitana n'kumufunsa funso limene mtsikana amayankha yekha: anthu awa ukuwadziwa?

Kenaka kuseri komweko kunatulukira Prisca, thukuta lili kamukamu, mwala wakuda uja uli pamutu. Anautula pamapazi pa Dorothy, nawongola khosi.

"A Gresham akuti ndibweze pamene ndinatenga. Koma kumeneko kwadzaza amuna, ndiye ndabwera nawo kwa mwini wake."

"Akutumaninso inu?"

"Nanga atuma ndani? Ine ndi amene ndili pafupi."

Dorothy anagwada n'kuugwira mwalawo. Unali wouma, wotentha ndi dzuwa. Sanaukhudzepo uli wotentha chibadwire.

"Mwachita zimene munafuna," anatero. "Pitani."

"Ndipita." Prisca anatola nkhata yake, koma sanasunthe. Kumwetulira kuja kunali kutachoka, ndipo maso ake anali ofiira ngati munthu amene nayenso sanagone. "Koma musanayankhe kubwaloko, ganizani pang'ono. Mwalawu ndi wolemera, achemwali, ndipo ine si wantchito wa munthu. Kulowa m'dziwe la eni ake, kudedwa ndi amayi a mudzi wonse, mukuganiza kuti ndinachita ulere?"

"Mukutanthauza chiyani?"

"Dorothy!" anaitana a Fanuel kubwalo. "Bwera kuno, alendo akudikira!"

Prisca anawerama mpaka pakamwa pake panafika pakhutu pa Dorothy.

"Pamtengo wa mbula paja sanangofulatira ayi. Mukawafunse chimene anandilonjeza ndisanalowe m'madzi."

"Dorothy!" anaitananso asibweni ake. "Anthu awa ukuwadziwa kapena ayi?"